Khala patali ndi anthu a mkuwa, mwana wanga

Mabvuku, Harare

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikulemba usiku, nyali ya sola ili patebulo, amayi ako akusita malaya ako ndi simbi ya makala. Kalatayi ndiibisa pakati pa mabulangete m'chikwama chako kuti ukaipeze utafika ku Bulawayo. Mawa pa siteji ya mabasi ya Mbare Musika sinditha kunena zimenezi. Pamakhala phokoso, ndiponso ukundidziwa, pakamwa panga pamalemera anthu akamandiyang'ana.

Lachiwiri usiku unamva foni ikulira, unandiona ndikutulukira nayo panja. Utafunsa ndinati palibe kanthu. Ndinakubisira. Anali azakhali ako a ku Budiriro, mawu osamveka ndi kulira. Msuweni wako ali m'chipatala, dzanja lamanja lapsa mpaka m'chigongono, wapolisi wakhala pambali pa bedi. Anamupeza m'bandakucha ali gone pansi pa thiransifoma, sipanala ili poteropo, zigubu ziwiri zili pambali. Amene anapita naye anathawa onse. Anakwera magetsi atazima, poganiza kuti abwera kukacha, koma anabwera iye akadali pamwamba. Waya wa 11,000 volts sadikira kuti umukhudze. Ukangoyandikira kwambiri moto umadumpha mumpweya n'kukupeza. Akachira akaonekera kukhoti, ndipo lamulo la magetsi la dziko lino limati woononga zipangizo zoterezi chilango chake chimayambira zaka 10 m'ndende. Mnyamata wa zaka 24.

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti mkuwa ndinamugwiritsa ndine. Nthawi ya holide munkabwera awiri ku shedi kwanga ku Magaba, iwe ndi iye, ndipo kunena zoona manja ake ankathamanga kuposa ako. Ali ndi zaka 15 ankatha kukulunga yekha mota ya pampu ya mjigo, waya ali ndondondo ngati tsitsi lolukidwa. Ndinkanyadira. Sindinadziwe kuti luso lomwelo ndi limene anthu oyenda usiku adzabwere kudzaligula.

Ndiye foni yatsopano ija msuweni wako anakupatsa mwezi wathawu, ukuyesa sindinaione? Ndipo bambo uja wa galimoto yoyera amene anamutsitsa pano, n'kukupatsa moni wakuti "injiniya wathu", ukuyesa sindinamve? Anthu amenewo nambala yako ali nayo. Akudziwa kuti ukupita ku yunivesite ya NUST kukaphunzira Applied Physics. Munthu wawo wodziwa magetsi wagona m'chipatala, tsopano afuna wina. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Ukuikumbukira kampasi yanga ija ya galasi long'aluka, imene ndimasunga m'chitini cha mabisiketi? Ndikamaliza kukulunga mota, ndisanathire vanishi, ndimalumikiza makoyilo ku batire n'kuyendetsa kampasiyo mkati mozungulira. Singano imatembenuka: kumpoto, kumwera, kumpoto, kumwera. Ikaloza kumodzi kawiri motsatizana ndiye kuti koyilo ina ndailumikiza chobwerera, ndipo motayo ingong'ung'udza n'kutentha osazungulira bwino. Zaka 30 ndakhala ndikuchita zimenezi, kungodziwa kuti zimatero basi. Dzina lake unandiuza ndiwe uli Fomu 6, kuti koyilo iliyonse imene magetsi akuzunguliramo ndi dipole ya maginito, chinthu cha nsonga ziwiri zosalekana. Unaswa maginito a sipika yakufa ndi hamala, ndipo chibenthu chilichonse chinali ndi kumpoto kwake ndi kumwera kwake. Unati mpaka lero palibe anapezapo nsonga imodzi ili payokha. Unandisimbira za Oersted, amene mu 1820 ku Copenhagen anaona singano ya kampasi ikupatuka pafupi ndi waya woyenda magetsi, ndi za Faraday, amene mu 1831 ku London anakulunga makoyilo awiri pa mphete yachitsulo, magetsi a koyilo imodzi n'kudzutsa magetsi mu inzake. Thiransifoma imene msuweni wako anakwera ndi mdzukulu wa mphete imeneyo. Tsiku limenelo ndinapita kunyumba mtima uli mbee, ndikuti mwana wanga wandipitirira, ndipo ndi zimene kholo limapempha kwa Mulungu.

Koma pali china unandionetsa tsiku lomwelo chimene sichikuchoka m'mutu mwanga chiyambire Lachiwiri. Unatenga msomali wamba, wosakoka kanthu. Unati mkati mwa chitsulo muli timaginito tosawerengeka, gulu ili kuloza uku, ilo kuloza uko, n'chifukwa chake mphamvu zawo zimathetsana. Utauyandikiza ku maginito timaginitoto tinafola mzere umodzi, msomali uja n'kuyamba kunyamula misomali inzake. Msomaliwo sunafunsidwe maganizo. Unangokhala pafupi.

Msuweni wako sanabadwe wakuba. Ankaimba kwaya ku CCAP, iwe ukudziwa. Ntchito itasowa anayamba kukhala pa mashopu, kusewera snuka ndi anthu amene ndalama sizinkawathera m'thumba. Sanabe tsiku loyamba. Anangokhala pafupi, miyezi, mpaka zamkati mwake zonse zinaloza kumene iwo akuloza. Tsopano taona, wayamba kukoka iwe.

Ndipo mankhwala ake unandilembera wekha pa katoni ya sopo, ndikadali nayo. Mphamvu ya dipole imafooka msanga ndi mtunda. Ukatalikira kawiri imatsala gawo limodzi mwa magawo 8. Ukatalikira katatu, limodzi mwa 27. Mankhwala ndi mtunda, mwana wanga. Usadzinamize kuti ine ndine wolimba mtima, ndingocheza nawo koma sindingatengeke. Chitsulo sichikambirana ndi maginito. Makilomita oposa 400 amene akulekanitsa Bulawayo ndi Harare ndikuwathokoza, koma foni imafafaniza mtunda wonsewo ndi kulira kumodzi.

Zinazi ndingodutsamo. Uzipemphera. Uzidya m'mawa, usamapite m'kalasi ndi tiyi yekha monga umachitira kuno. Phunzira kupereka moni m'Chindebele sabata yoyamba yomweyo. Za atsikana amayi ako akuuza kale ndipo ine ndikugwirizana nawo. Mowa ndi mankhwala ozunguza bongo a mutoriro, waona wekha zimene zachita ndi anyamata a mumsewu mwathu muno. Ku Bulawayo kumazizira mu June, juzi yabuluu ija usaisiye ngakhale ukuti ndi yachikale. Ndipo nsapato uzipukuta, chonde, ndatopa nako kunena.

Zigubu zija zikundipweteka kuposa sipanala. Msuweni wako anapita kukakhetsa mafuta a m'thiransifoma, ndipo ankadziwa ntchito ya mafutawo chifukwa analipo tsiku limene unatichititsa kaso pakhomo pano. Amayi ako anali atangofika kuchokera ku mjigo. Unakhuza chipeso chapulasitiki m'tsitsi, n'kumathira madzi pang'onopang'ono kuchokera m'ketulo, ndipo kamtsinje ka madzi kaja kanapinda kutsata chipeso. Mlongo wako anakuwa kuti ndi matsenga. Iwe unafotokoza kuti molekyu ya madzi ndi yopindika ngati chigongono, pa madigiri 104.5. Okosijeni amakokera ma electron kwa iye, mbali yake n'kukhala ya negetivu, mbali ya mahaidirojeni awiri aja n'kukhala ya pozitivu. Imeneyo ndiye dipole ya magetsi, ndipo chipeso chikayandikira mamolekyu amatembenuzira kwa icho mbali imene ikukokedwa. Unatchula Peter Debye, wa ku Netherlands, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1936, kuti muyeso wake umatchedwa dzina lake ndipo madzi ali pa 1.85. N'chifukwa chake madzi amasungunula mchere koma amakanana ndi mafuta, pakuti mamolekyu a mafuta alibe mbali ziwiri zoterozo. Ine ndinawonjezera zanga za ku shedi, kuti mafuta a m'thiransifoma amaziziritsa makoyilo ndi kutchinga magetsi kuti asadumphe, ndipo akangolowa chinyezi pang'ono mphamvu yotchingayo imatsika. Ukawakhetsa, thiransifoma imatentha n'kupsa.

Msuweni wako anamva zonsezo. Ankadziwa kuti thiransifoma ikapsa misewu ingapo imakhala mumdima, mafiriji a amayi ogulitsa mafiriziti amazima, mapampu a mijigo amaima, anthu n'kubwerera ku zitsime zosasamalika. Ndipo ku Budiriro kwenikweniko! Kumene kolera ya 2008 inakantha koopsa, mliri umene unapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno. Anali mwana wa pulayimale nthawi imeneyo, ndipo maliro a anansi awo ankawaona akudutsa pakhomo. Ndalama ya usiku imatseka munthu maso mpaka kuiwala madzi amene amayi ake omwe amamwa.

Usaganize kuti ndikulankhula ngati munthu amene sanayesedwepo. Chaka chomwecho cha 2008, ndalama zikusanduka mapepala m'manja, iwe uli wakhanda, kunabwera munthu ku shedi ndi thumba la waya wamkuwa. Anali atauwotcha kuchotsa chikopa chake, ukununkha utsi, wakuda ngati makala. Mtengo wake unali theka. Sindinafunse kumene wachokera chifukwa ndinkadziwa. Kunyumba ufa unali utatsala wa tsiku limodzi. Ndinagula. Kamodzi kokha, koma munthu uja anandisandutsa wake. Ankabwera mwezi ndi mwezi, kukhala pa benchi langa, kundiitana mnzanga pamaso pa anthu. Chaka chathunthu ndinkadzidzimuka galimoto iliyonse ikaima panja, mpaka ndinasamutsa shedi. Amayi ako okha ndi amene amadziwa, lero wadziwa ndiwe. Chitsulo chofewa cha mkati mwa thiransifoma chimataya maginito magetsi akangozima, koma sikuludiraiva yolimba ikakhudzana ndi maginito imatola tizitsulo zaka ndi zaka. Munthu ali ngati sikuludiraiva. Zimene wakhudza zimamukanirira.

Agogo ako anachoka ku Dedza m'nthawi ya chitaganya, kudzera ku Tete, n'kudzagwira ntchito m'minda ya maluwa ya azungu ku Highlands. Anatitcha maina onse m'dziko muno. Ine wobadwira konkuno chitupa changa chinkanditchula mlendo mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 atatsegula njira. M'zaka zonsezo chuma chathu chinali chimodzi, chakuti anthu ankati Mmalawi ukhoza kumusiyira makiyi a nyumba. Agogo ako anamwalira alibe munda kuno, koma dzina limenelo anatisiyira. Iwe ndiwe woyamba m'banja lathu kuponda pa yunivesite. Anyamata a kuno akuyang'ana iwe.

Za pakhomo, mlongo wako wayamba kukonzekera mayeso, agogo ako aakazi BP yatsikako, denga la kukhitchini ndikonza mvula isanayambe, za bungwe la maliro ndalipira mpaka kutha kwa chaka, ndipo amalume ako ku Dedza akuti chimanga chachita bwino. Onse akupereka moni.

Ndibwererenso pa foni ija. Ndikudziwa kuti umamukonda msuweni wako, inenso ndimamukonda, ndipo Loweruka ndikamuona. Sindikuti umutaye. Mupempherere, umulembere, akadzatuluka tidzamulandira. Koma foniyo uitumize kuno, ndikabweze kwa azakhali ako. Yanga yakale ija ndaiika m'chikwama momwemo, ndipo ugule laini yatsopano. Nambala yake upatse ine, amayi ako ndi mlongo wako basi. Ku sukuluko udzamva njala, ndikudziwa. Lendi idzakuvuta, anzako adzakhala ndi malaputopu abwino. Tsiku limenelo ndi limene adzaimbe, mawu ali okoma, akuti kantchito kakang'ono, ungotiuza waya wakufa ndi wamoyo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Chaka chachitatu ukadzapita ku attachment, mwina adzakupatsa makiyi a malo a magetsi. Pamenepo ndiye adzakufunitsitsa.

Ukasowa ndalama uza ine. Usachite manyazi, usandimvere chisoni. Ndigulitsa makina owotcherera, ndigulitsa kompuresa, ndidzakulunga mamota mpaka maso atasiya kuona, koma ndalama ya mkuwa wausiku usaigwire ngakhale ya kombi.

Pansi pa kalatayi, mu sokosi, wapeza kampasi ija. Ndagula ina ya ku shedi, iyi ndi yako. Unandiuza wekha kuti dziko lapansi nalonso ndi dipole yaikulu, koma mphamvu yake ndi yofooka, moti kamaginito ka sipika kakayandikira singano imaiwala kumpoto n'kutsata iko. Ukachotsa kamaginitoko singano imanjenjemera pang'ono n'kubwerera. Ife kuno tili ngati mphamvu yofookayo. Tilibe galimoto yoyera, tilibe foni zatsopano zokupatsa. Sitingapikisane ndi amene ali pafupi nawe. Chimene ndikupempha n'chakuti uwatalikire, kuti uzitha kutimva.

Mwana wanga, ndagwira mwendo wako. Ndende ya Chikurubi ili pafupi ndi kwathu kuno, ndipo posachedwa azakhali ako ayamba kumadutsa pakhomo pano ndi kabasiketi ka chakudya. Amayi ako asadzanyamule kabasiketi kameneko. Mtima wawo sungapirire, wanganso sungapirire. Nambala yachilendo ikaimba, usayankhe. Ukayankha mwangozi, dula. Undiimbire Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, ngakhale mphindi imodzi, ndingomva kuti ndiwe. Ndipo ukamaliza kuwerenga kalatayi, usadikire Lamlungu. Imba pompano, ngakhale pakati pa usiku. Ndikhala ndili maso.

Mulungu akusunge.

Ndine bambo wako.