Antchito Osalembedwa M'kaundula

Kwathu kwa Changata munda ndi kachigamba chabe. Malo aakulu m'boma la Thyolo adapita ku tiyi kalekale, ife n'kutsala ndi zidutswa zoti chimanga, nandolo, maungu ndi chinangwa zizikankhana pamodzi. Pamalo ochepa chotere mbozi ikalowa m'munda ndiye kuti yalowa m'nkhokwe. Tidaziona m'chaka cha 2017 pamene mbozi zachilendo zija, za fall armyworm, zidaboola mitima ya chimanga.

Malipiro anga a m'boma sangakwanitse mankhwala opopera chaka ndi chaka, choncho kadimba ka kuseri kwa nyumba ndidakasiya m'manja mwa antchito ena. Kuwaitana kwake n'kosavuta, koma kumafuna kupirira manyazi. A permaculture, monga a Never Ending Food ku Chitedze, amalimbikitsa kuphimbira nthaka m'malo moisesa mpaka kuyera mbee. Tsono kwathu kuno pakhomo posasesa amati mpa mlesi.

Mpiru wina ndimauleka kuti uchite maluwa. Chisoso ndi mpungabwi sindizula zonse, ndipo m'mphepete ndimadzala mpendadzuwa. Maluwa amenewa amakoka njuchi, zimene popanda izo kadzungu kamangofota kakadali kakhanda, poti dzungu lili ndi duwa lalimuna ndi lalikazi ndipo limafuna wonyamula mungu. Koma amene ndimawalemekeza kwambiri ndi mavu. Akuluakulu ake amamwa timadzi ta m'maluwa, pomwe ana awo amadya nyama. Mukaona mavu akuzungulira pa kabichi, dziwani kuti akusaka mbozi zoti akadyetse ana kuchisa. Mankhwala opopera sasankha: amapha mbozi ndi mlenje wake yemwe, ndipo mbozi ndi imene imayamba kubwerera.

Mbalame zimangofuna phale la madzi ndi mtengo wobisalamo. Atimba amatola tizilombo m'nandolo tsiku lonse. Apumbwa nawonso amathandiza, ngakhale msonkho wawo amadula okha pa papaya wakupsa, osapereka ndi lisiti lomwe.

Wovuta kumuteteza ndi kadzidzi, amene amatera mu mtengo wa mapeyala usiku kudikira makoswe. Mayi ena oyandikana nafe adabwera m'mamawa nkhope ili gwaa.

"Achimwene, chimbalame chanu chija chalira usiku wonse. Mukufuna maliro pamudzi pano?"

Ndidawaonetsa timibulu taubweya ndi tizigaza ta makoswe timene kadzidziyo adalavula pansi pa mtengo. Adatiyang'anitsitsa, nati nkhokwe yawo nayonso yavuta makoswe, komabe mtengowo ndiudule.