Tiyeni Tikaone Phiri la Michiru

Abale a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, mukadzabwera ku Blantyre musadzangothera mumsika wa Limbe. Dzadutseni Chilomoni mukaone phiri la Michiru, lomwe mu 1975 lidapatulidwa kukhala malo otetezerako zachilengedwe. Mabanja ankakapumulako pamithunzi, ana asukulu n'kumaona anyani, mbawala ndi mapanga a afisi.

Koma nkhwangwa za owotcha makala zaidya nkhalangoyi, monga anthu adametera phiri la Ndirande m'zaka za m'ma 1990. Phiri lopanda mitengo siligwira dothi: mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy adagumula Soche, matope n'kukwirira mabanja ku Chilobwe.

Allah adatisungitsa dzikoli ngati amana. Mvula ikagwa, bzalani mtengo pamodzi ndi ana anu, pakuti imeneyonso ndi sadaka.