Petulo Wosadzera Pakhomo

Kuti galimoto iyende, petulo amayenera kusakanikirana ndi mpweya, kenaka n'kuyaka m'kati mwa silinda ndi kukankha pisitoni. Funso limene lasautsa akatswiri kwa zaka zambiri ndi lakuti ziwirizi zizikumanirana pati. Kale zinkakumanirana m'kabuleta. Pambuyo pake petulo ankapoperedwa m'njira ya mpweya, pafupi ndi valavu, yomwe ili ngati chitseko cha silinda. Koma m'injini zambiri zamakono petulo amapoperedwa m'silinda mwenimwenimo, osadzeranso pakhomopo.

Lusoli silinayambe lero. Pankhondo yam'mlengalenga ya ku Britain mu 1940, ndege ya Ajeremani ya Messerschmitt Bf 109 inali nalo kale, motero inkatha kugwetsa mphuno mwadzidzidzi injini osatsamwa, pamene Spitfire, yokhala ndi kabuleta, inkatsamwa. Mu 1954 linaikidwa m'galimoto ya Mercedes-Benz 300 SL, koma linadzayamba kufala mu 1996 pamene kampani ya Mitsubishi ya ku Japan inatulutsa injini yotchedwa GDI.

Ubwino wake sindingautsutse. Petulo amalowa ndi mphamvu yoposa ya mpweya wam'tayala kamakumi asanu kapena kupitirirapo, nasanduka nkhungu. Nkhunguyo pouma imaziziritsa silinda, ndipo mpweya wozizira umalola kupanikizidwa kwambiri osaphulika nthawi isanakwane. Zotsatira zake ndi mphamvu zochuluka pamafuta ochepa. M'dziko ngati lathu, limene limagula petulo kunja ndi ndalama zovuta kupeza, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Komabe mbali ina ndinaionera kwa amalume, amene amakonza galimoto pamthunzi wa mtengo wa mango. Zambiri zimene amalandira masiku ano ndi zogwirapo kale ntchito zochokera ku Japan. Tsiku lina anandionetsa valavu itakutidwa ndi mwaye wouma gwa ngati khala.

"Taona mphwanga," iwo anatero, "kale petulo ankasesa pakhomo akamalowa, popanda womutuma."

Ankanena zoona. Nthunzi ya oyilo ndi utsi wobwezeredwa m'injini zimadutsabe pavalavupo, koma wotsuka palibenso. Mwaye umaunjikana pang'onopang'ono mpaka njira ya mpweya kuchepa. Galimoto imayamba kunjenjemera ikaima ndi kufooka pachitunda. Mwini wake, posadziwa gwero la vutolo, amaloza chala wogulitsa mafuta kapena makaniko amene anaigwira komaliza, ndipo mbiri ya munthu wosalakwa imaipa. Izi ndizo zimandiwawa, pakuti makaniko wapamtengo alibe chikwangwani china koma mbiri yake.

Kumaiko ena mwayewo amauchotsa pouwombera ndi makoko a mtedza wa walnut operapera. Amalume amachita kumasula ndi kupala ndi manja, ntchito ya tsiku lathunthu imene eni galimoto ambiri amanyinyirika kulipira. Nayo kampani ya Toyota, kuyambira mu 2005, inayamba kupanga injini zina zokhala ndi zopopera ziwiri pasilinda iliyonse: china m'kati, china panjira yakale ija yodzera pavalavu.