Owotcherera m'Magalaja Opanda Chozimitsira Moto

Masiku ano mu Mzuzu muno aliyense akagula kamakina kowotcherera ka m'manja, basi wasanduka mmisiri. Ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Mchengautuba, anyamata akukwezetsa kamakina pa kabaza n'kukalowa m'magalaja a anthu kukapanga geti kapena mafelemu a mawindo pa theka la mtengo wanga. Ena mwa iwo dzanja ali nalo ndithu, msoko wawo sindingaunyoze. Chimandipsetsa mtima n'choti amafika opanda chozimitsira moto, ndipo mwini nyumba safunsa n'komwe. Koma ine ndingotchula mtengo, ayambapo: "Amisiri, kodi mukumanga mlatho?"

Zodula chitsulo, kusankha rodi ya 2.5 kapena 3.2, kumangirira waya wa earth, izo aliyense wa ntchitoyi amazidziwa. Nkhani ili pa galajayo. Kushopu kwanga pansi ndi simenti, m'mbali malata, basi. Galaja ya panyumba ndi nkhokwe: matiresi akale, makatoni, matayala, zitini za penti ndi thinner, matabwa a paini a ku Chikangawa odikira denga, utuchi pakona. Ndiye chiyambire kusowa kwa mafuta kwa 2011 ndi 2012, komwe kwabweranso zaka zapitazi, anthu anazolowera kubisa chigubu cha petulo kuseri kwa chitseko. Mpweya wa petulo ndi wolemera, umakwawa pansi, komwenso mbaliwali zimakathera, ndipo za grinder zimatha kuuluka mpaka mamita 10. Ine ndisanayatse makina ndimatulutsa zonse panja, n'kusesa. Apa mpamene makasitomala amayamba kuyang'ana nthawi pafoni.

Botolo lozimitsira moto lomwe ndimayenda nalo ndi la ufa, la makilogalamu 9, lolembedwa ABC. Limazimitsa matabwa, petulo, ndipo munthu angathe kupopera pomwe pali magetsi osagwidwa shoko. Ndimalikonda, koma limafuna kusamalidwa. Likakhala malo amodzi nthawi yaitali, kapena likamagwedezeka kumbuyo kwa galimoto, ufa umatsika n'kulimba pansi ngati thumba la simenti lomwe lagwira chinyezi. Choncho mwezi uliwonse ndimalitembenuza chadodolido, n'kuika khutu, ndimve ufawo ukutsetsereka. Ndimayang'ana kamuvi ngati kali pobiriwira, kapini ngati kalipo, ndi kukamwa kwa paipi, poti mavu amakonda kumatako dothi. Pachaka kamodzi limapita kwa odzaza. Ukalipopera ngakhale pang'ono chabe, lipite kokadzaza, chifukwa ufa umatsalira pa valavu ndipo mpweya umatha pang'onopang'ono. Anthu ambiri sadziwanso kuti botolo lalikulu chonchi limatha masekondi 30 asanakwane. Ukalozetsa pamalawi pamwamba wataya ufa. Loza patsinde pa moto, yendetsa uku ndi uku, khomo lili kumsana kwako.

La CO2 ndi labwino pa makina chifukwa silisiya ufa, koma lilibe kamuvi, pamafunika sikelo kuti udziwe ngati mudakali kanthu, ndipo pamphepo ya kuno mpweya wake ungouluzika. Madzi pa petulo kapena pa waya wamoyo, ayi ndithu. Ndowa ya mchenga wouma ndiye sindiisiya.

Zonsezi ndinaziphunzira kwa madala ena ku Luwinga. Iwo ntchitoyi anaitenga kumigodi ya ku Joni, ndipo anabwerera kwawo boma litaletsa Wenela kulemba anthu m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown. Anali munthu wosalankhulalankhula, Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka, dzanja lamanzere lili ndi chipsera kuyambira pachigongono mpaka pamkono. Tanki ya petulo sankaigwira, ngakhale mwini wake alumbire kuti yakhala chaka yopanda kanthu. Dilamu loti lidulidwe ankayamba alidzaza madzi mpaka pakamwa. Mnyamata akagwira valavu ya okosijeni ndi manja a girisi, tsiku limenelo ankabwerera kwawo osalandira kanthu. Botolo la gasi logonekedwa pansi ankaliona ali patali.

Koma lamulo lawo lalikulu linali la kukhala pansi. Makina akazima, palibe wonyamuka mpaka theka la ola lithe. Ife tinkaona ngati nkhalamba ikufuna wocheza naye. Ankatuma tiyi ndi chinangwa chophika, n'kumatiphunzitsa kuwerenga tepi, kukonza sikweya yopindika, kapena kusimba za kuzizira kwa m'makomponi ndi za anzawo omwe sanabwereko. Ali mkati mwa nkhani ankadzuka, kukanunkhiza pakona, kugunditsa kuseri kwa dzanja pakhoma ndi pathabwa lililonse loyandikira, n'kubwerera kudzapitiriza pomwe anasiyira. Mbaliwali ikalowa mu utuchi kapena m'siponji ya matiresi siyaka pomwepo. Imanyeka mwakachetechete, moto n'kudzabuka mmisiri atalandira kale ndalama, banja likudya nsima. Apo mwini nyumba amati ndi magetsi, kapena amaloza mnansi.

Theka la ola limenelo ndimaliwerengera pamtengo, pamodzi ndi ndalama yodzazitsira botolo, ndipo ndi zimenezi makasitomala amati ndikuwadyera masuku pamutu. Wina anandiuza kuti ndichotse za botolo, moto ukabuka aimbira ozimitsa moto a khonsolo. Ndinamufunsa ngati galimoto lalikulu lija lingakwere msewu wa kwawo nthawi ya mvula, matope ali thothotho. Amene anaona laibulale ya Mzuzu University itapsa mu Disembala 2015 akudziwa mmene moto wokula umathera. Wa m'galaja umagonja ukadali waung'ono, m'manja mwa munthu amene ali pomwepo. Ntchitoyo ndinaikana.

Kwa amene avomera mtengo wanga ndimawonjezera kamodzi kaulere: ndimawawotchererera kachitsulo kokolekapo botolo lawolawo la makilogalamu 4.5, pafupi ndi khomo, osati kuseri kwa matayala. Ndisanachoke ndimaitana mayi a pakhomopo ndi mwana wamkulu, aliyense alinyamule, agwire kapini, aone mmene amapanira.