Tsidya la Msewu pa Lizulu: Mbiri Ili ndi Agogo

Amayi anzanga, inu amene munayendapo pa msewu wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu mukudziwa kuti msewuwo umatsata malire. Pa msika wa Lizulu, pamene mbatata ya kachewere ndi kabichi zimaunjikidwa milumilu, mukangowoloka msewu ndiye kuti mwaponda dziko la Mozambique, m'boma la Angonia, limene likulu lake ndi Ulongwe. Mapiri, madimba ndi chiyankhulo n'zofanana ndi zathu, koma amayi a tsidyalo anaona zaka zimene ife sitinazione.

Dzikolo linalandira ufulu pa 25 June 1975, ndipo mu 1977 chipani cha Frelimo, motsogozedwa ndi a Samora Machel, chinalengeza kuti chikutsata chikomyunizimu. Minda imene Apwitikizi anasiya ku Angonia inatengedwa ndi kampani ya boma ya CAIA. M'madera ambiri anthu anasamutsidwira m'midzi yatsopano yotchedwa aldeias comunais, ndipo wapaulendo ankayenera kunyamula chikalata chomuloleza kuyenda. Mafumu analandidwa mphamvu. Malowolo, mitala ndi chinamwali zinadzudzulidwa. Komabe katemera anafika kumidzi, ndipo amayi ambiri anagwira pensulo koyamba m'sukulu za akuluakulu. Kenaka nkhondo ya Renamo inathamangitsira anthu oposa 1 miliyoni ku Malawi kuno. Frelimo inasiya chikomyunizimu mu 1989, ndipo mtendere unasayinidwa ku Rome pa 4 October 1992.

Zonsezi zinalembedwa m'mabuku. Nanga ndani analemba mmene mayi ankachapira matewera sopo atasowa m'sitolo, kapena chimene ankathira m'ndiwo mchere utatha? Ndani analemba za chimanga chosenza pamutu kudzasinthanitsa ndi shuga tsidya lino? Mtsikana amene anali ndi zaka 20 mu 1975 anakwanitsa zaka 70 mu 2025. Maliro a gogo mmodzi amakwirira nkhani zimene sizidzamvekanso.

Choncho, amayi, m'magulu athu tisamangosoka ndi kuphika. Pitani awiriawiri kwa agogo oterewa, pakuti ena anakwatiwa konkuno ku Dedza ndi ku Ntcheu. Tengani kamchere kapena kashuga, khalani pamphasa, ndipo pemphani chilolezo musanatsegule foni yojambulira mawu. Musayambe ndi nkhondo. Yambani ndi za kumunda, kumtondo ndi kuchitsime. Zolemera zidzabwera zokha. Ena adzayamikira masiku amenewo, ena adzakhetsa misozi. Musatsutse aliyense, ndipo dzina limene gogo safuna kuti litchulidwe lisiyeni. Lembani tsiku ndi mudzi m'kope, ndipo mawuwo muwapatsenso ana ndi adzukulu awo.

Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, komatu amagonera pokhapokha wina atawasunga. Nyamukani mwezi uno, mvula isanatseke njira.