Kugwa Kumalembedwa Kawiri

Pa ntchito zonse zimene ndimagwira m'chipinda cha ovulala kuno ku Mambwe, palibe imene anthu amaipeputsa koposa kusamalira munthu woterereka kapena wopunthwa. Pakuti wogwidwa ndi ng'ona ku Lupande mudzi wonse umamperekeza, koma agogo ogwa pamjigo amangouzidwa kuti athowe ndi madzi otentha. Chikhalirecho makande a m'chigwa chathu cha Luangwa sagona nyengo iliyonse: m'dzinja amaterera, ndipo m'chilimwe mapazi a njovu ndi mvuu zimene zinaponda m'matope amauma nasanduka maenje obisika m'udzu, othyola akakolo a oyenda usiku.

Za kutsuka bala ndi kuviika pulasitala sindinenapo, n'zodziwika. Umisiri weniweni uli pa kufunsa, ndipo uwu ndinaulandira kwa mkulu wina amene ndinampeza nditangotsiriza maphunziro ku Chainama, munthu amene anayamba ntchito dziko lisanalandire ufulu mu 1964. Mkuluyo, wamtali, wa mawu apansipansi, amene malaya ake oyera sanakwinyikepo ngakhale m'kutentha kwa Okutobala, sankandilola kukhudza mkono wothyoka ndisanamuuze zinthu zitatu: pamene phazi linaponda, chimene munthuyo anasenza, ndiponso ngati mdima unadza m'maso asanagwe kapena atagwa kale. Ankanjuta pamaso pa nkhalamba nanena, "Pepani amayi, tandiuzani bwino, munaterereka kodi, kapena munamva chizungulire?" Pakuti wonena kuti "ndangogwa" mwina wagwetsedwa ndi malungo, kuchepa kwa magazi, khunyu kapena mankhwala a BP; ndipo ukamanga mkono osafunafuna chomugwetsacho, adzabwera tsiku lina pamachira, nyung'unyu itathyoka. "Mwana wanga," ankatero, "safunsa anadya phula."

Iye yemweyo anandiphunzitsa kuti kugwa kumalembedwa kawiri. M'buku la manambala a matenda la bungwe la WHO, lotchedwa ICD-10, limene maiko anayamba kulitsata mu 1994, nambala yoyamba imanena chovulalacho, yachiwiri imanena chomuvulaza. Mayi wotchinjiriza ndi chikhatho nathyoka pamwamba pa dzanja, kuthyoka kumene Abraham Colles wa ku Dublin anakufotokoza mu 1814, timamulemba S52.5, ndipo pambali pake W01, ndiko kuterereka kapena kupunthwa pamalo athyathyathya. Mwana wogwa mumtengo wa mango ndi W14, ndipo kawirikawiri amathyoka pamwamba pa chigongono, S42.4. Nkhalamba yothyoka nyung'unyu, S72.0, sitiichedwetsa, timaitumiza ku Chipata. Koma alembi ofulumira amene achuluka masiku ano amangolemba W19, kugwa kosadziwika chifukwa chake, pa aliyense, ngakhale kompyuta ili patsogolo pawo. Ndipo zimandipweteka mtima, pakuti woona chiwerengero kuboma adzadziwa bwanji kuti ndere za pasimenti ya mjigo ndizo zikuthyola amayi athu?

Enanso ondisautsa ndiwo omanga mafupa a m'midzi, amene mtengo wawo ndi nkhuku imodzi. Amatema mphini, nayala nsungwi, namanga ndi mphira molimba pa mkono umene ukali kutupa, kotero kuti mwana amatifika zala zitazizira ndi kuda. Ife masiku oyamba timaika pulasitala mbali imodzi yokha pamwamba pa thonje, kuti chotupa chipeze malo, ndipo chikaphwa m'pamene timazunguliza mkono wonse.

Odwalawo sindiwaweruza akadandaula za ndalama ya galimoto yopita kukajambulitsa fupa, pakuti ndi yambiri ndithu kwa mlimi wa thonje. Chimene sindichipirira n'chakuti fupa la munthu wamkulu lifuna milungu ngati 6, koma nthawi yopalira ikafika ambiri amadula pulasitala ndi mpeni pa mlungu wachitatu, kenaka nabwera kudzandifunsa chifukwa chake dzanja lapindika.