Ndinavula njinga kuti ndikwere phiri la Zomba

Abale anzanga a pamsika, inu amene wakabaza akangochedwa ndi dengu lanu la tomato mumamukalipira ngati wakuberani mwana, tamverani zomwe zandionekera ine pa phiri la Zomba.

Nkhani inayamba ndi azakhali anga amene amagulitsa zipatso mu msika waukulu wa Zomba. Nyengo ya masitiroberi ikafika iwo amaoda kwa anyamata a kuphiri, ndipo dandaulo lawo ndi limodzi chaka ndi chaka: phindu lonse likuthera njinga yamoto. Pokwera ulipire, potsika ulipire, mafuta akasowa mtengo n'kukweranso. Tsiku lina ine pakamwa panandiyabwa. Ndinati, "Azakhali, bwanji ndizikakutengerani ine pa njinga yakapalasa?" Amayi a mabenchi oyandikana nawo anaseka mpaka wina kutsamwa ndi chinangwa.

Amene mumaidziwa Zomba mukudziwa chomwe ankaseka. Tauni ija idakhala patsinde penipeni pa phiri. Kuchoka pamsika kukafika pa hotela ya Ku Chawe ndi makilomita pakati pa 8 ndi 10, kutengera pomwe wayambira, koma pa kamtunda kameneka umakhala wakwera m'mwamba mamita oposa 500, chikweza chokhachokha. Nsonga ya Malumbe, yaitali kuposa zonse, ili pa mamita opitirira 2,000. Azakhali sanaseke nawo ayi. Anamasula kansalu, n'kundipatsa ndalama zomwe anakongola ku banki m'khonde, amvekere, "Mwanawe, izi si za tchalitchi. Ukalephera ubweza ndi chiongoladzanja chomwe."

Njinga yomwe ndinali nayo ndi Hero yakuda yosiya malemu bambo anga. Ndinakaipachika pa sikelo ya mavenda ogula nandolo ndipo inakwana makilogalamu 22. Poti sikelo ya mavenda tonse timaidziwa khalidwe lake, inuyo muonjezerepo awiri. Ndinaikankha mpaka ku Chinamwali kwa madala ena okonza njinga pansi pa mtengo wa mango, n'kuwauza kuti aipepuze ndikwerere phiri. Madala aja anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, kenaka anati, "Aphwanga, Hero isiyeni. Iyi adaipangira matumba a makala ndi odwala opita kuchipatala. Mukaivula mutsala ndi chitsulo cholemerabe, chopanda ntchito. Tipange ina."

Pano ndikuuzeni zomwe ndidawerenga, poti kusukulu sitinkangopita kukadya phala. Ku Ulaya, pa mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France, lamulo lomwe lidakhazikitsidwa mu 2000 limati njinga isapepuke kuposa makilogalamu 6.8. Tangoganizani, anzathuwo adachita kuwaletsa ndi lamulo kuti asapepuze njinga mopitirira muyeso, pomwe kuno Buffalo, yomwe ambiri mumaikhulupirira, imapitirira makilogalamu 20 ndipo keliyala yake adaipangira katundu wa makilogalamu 100. Si za azungu okha ayi. Mu 2015 mnyamata wa ku Eritrea, Daniel Teklehaimanot, adavala malaya a madonthomadontho ofiira omwe amapatsidwa kwa katswiri wokwera mapiri pa Tour de France, ndipo mu September 2025 mpikisano wa dziko lonse udachitikira ku Kigali, ku Rwanda, koyamba mu Africa muno. Mapiri tili nawo ifenso, chomwe tilibe ndi ndalama.

Tsono tinayamba kutolera. Zomba ili ndi mwayi pa njinga za kaunjika, poti kuyambira zaka za m'ma 2000 bungwe la Africycle lidayamba kubweretsa kuno njinga zakale zochokera ku Canada, ndipo zina zimalowa ndi amalonda. Felemu tinaipeza kwa mkulu wina yemwe ankayanikirapo zovala kuseri kwa nyumba, yachitsulo koma ya mapaipi opyapyala. Ine mtima unali pa ina ya aluminiyamu yonyezimira bwino. Madala anakana. Ati aluminiyamu ikathyoka wowotcherera wa m'mbali mwa msewu sangaigwire, pomwe chitsulo ngakhale ku Jali kapena ku Songani akulumikizira. Za kaboni zija, zomwe akatswiri amakwera, ati ikang'aluka ungoipachika pakhoma ngati chithunzi cha ukwati.

Malimu tinapeza a aluminiyamu, matayala ang'onoang'ono ngati chala chachikulu. Madigadi sitinaike, sitandi ayi, chotchinga tcheni ayi. Apa ine matenda opepuza anandigwira zedi. Ndinafuna kuchotsako masipoko ena, ndinafuna kuboola chishalo, ndinafika pomaliyang'ana belu ndi diso loipa. Pa keliyala mpomwe tinakangana kwabasi. Ine ndimati njinga za mpikisano sizikhala ndi keliyala. Madala amvekere, "Nanga masitiroberi a azakhali anu mukasenza pamutu?" Anawotcherera kakeliyala ka tizitsulo ting'onoting'ono kokwana lichero limodzi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma chomwe madala anatayirapo nthawi yambiri si kulemera, ndi magiya. Anandiwerengetsa mano. Hero yanga kutsogolo ili ndi mano 44, kumbuyo 18, ndiye kuti ukapalasa kamodzi tayala limazungulira kawiri ndi theka lomwe, pafupifupi. Pa chigwa zimenezi n'zokoma, pa chikweza ndi imfa. Pa yatsopanoyi anaika giya yaing'ono ya mano 28 kutsogolo ndi yaikulu ya mano 32 kumbuyo, moti ukapalasa kamodzi tayala silimaliza n'komwe kuzungulira. Umayenda ngati bilimankhwe, koma sutsika. Anandichitiranso masamu ena amene anandiziziritsa nkhongono. Ine ndimalemera makilogalamu 62. Ndi Hero tonse tinali 84, ndi yatsopanoyi, yomwe pa sikelo inakwana 13, tinali 75. Ndalama zonse za azakhali zinangochotsa makilogalamu 9, otsalawo ndi ine ndemwe ndi nsima yanga.

Loweruka ndinanyamuka tambala atalira kachiwiri. Msewu wa kuphiri umadutsa kumtunda kwa tauni, dera la nyumba zakale za boma za njerwa zofiira, zokumbutsa kuti Zomba idali likulu la dziko lino mpaka 1975 ndipo aphungu ankakumanabe kuno mpaka 1994, chaka chomwe tidasankha boma la matipate. Cha komweko kuli Masongola, nyumba ya mu 1886. Mabwana adasamukira ku Lilongwe, anyani okha ndi amene adakana kusamuka, ndipo m'mawa umenewo anali khale m'mbali mwa msewu kundionerera ngati apolisi a pa rodibuloko.

Nyumba zitatha, phiri linayamba kulankhula. Ndinatsitsa magiya imodziimodzi mpaka inatsala ya mano 32 ija, ndinasakanso ina kumbuyo kwake koma kunalibe. Mtima uli gu gu gu m'makutu, thukuta lili chuchuchu ngakhale kunkazizira. Msewu umakhotakhota, uku thanthwe uku phompho, ndipo pa kona iliyonse umadzinamiza kuti ikubwerayo ndi yomaliza.

Kutayamba kuyera ndinakumana ndi eni ake msewu. Amayi ali ndondo, mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni ili pamutu. Abambo ali ndi njinga zomwe sungaone n'komwe felemu kaamba ka zikuni zosanjikiza mpaka kupitirira mutu. Sakwera ayi, amayenda pambali atagwira handulo, thupi lonse atalipendeketsa m'mbuyo kuti katundu asawakoke. Mmodzi anandiona ndikupalasa mwachangu koma osapita patali, anakuwa, "Achimwene, tcheni chaduka kodi?" Ndinalibe mpweya womuyankhira.

Pa kona ina, osatsika panjinga, ndinaponya maso kumunsi. Koma abale, Zomba ndi yokongola! Tauni yonse ili phee ngati mbale, malata ali ng'aning'ani, kutsogolo nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, ndipo chakumwera phiri la Mulanje litatulutsa mutu pamwamba pa mitambo. Chomvetsa chisoni chili pafupi pomwepo: malo ambiri omwe akuluakulu amati kunali nkhalango ya paini yoti dzuwa silinkalowa, lero ndi zitsa ndi mapsa a moto. Amene mukufuna kuloza chala abambo a nkhuni aja, muyambe mwafunsa chomwe chimaphika nyemba m'malesitilanti a pamsika ndi chomwe chimakazinga tchipisi pa chiwaya. Madzi a m'mipopi ya tauni yonse amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pomwepa, ndiye nkhani ya mitengoyi ndi ya tonse amene timatsuka ndiwo zamasamba tisanaziyale pa benchi.

Ndinafika pa geti la Ku Chawe patatha ola limodzi ndi mphindi 20, phazi losagunda pansi. Mboni zanga ndi anyamata ogulitsa zipatso ndi ziboliboli, amene anandiunjirira poyesa kuti kwabwera mlendo wa madola. Atamva Chichewa changa mitengo inatsika yokha. Ndinafuna kupitirira mpaka ku Emperor's View, pomwe adaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, ndi ku Queen's View, pomwe adafika amayi a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, koma kumeneko msewu ndi wafumbi ndi miyala, timatayala tanga sitikadalimba. Ndinaoda masitiroberi, ndinamanga bwinobwino pa kakeliyala kaja, ulendo wotsika.

Apa mpomwe ndinazindikira kuti masabata atatu onse tinkangokamba zokwera. Njinga yopepuka pa mtsetse ndi mbalame. Ndinafinya mabuleki osalekeza, manja mpaka kuchita dzanzi, osadziwa kuti mphira ikamakhula limu choncho limatentha ngati chiwaya. Nditadutsa theka la msewu ndinangomva phuu! Chubu chakutsogolo chaphulika. Mwayi wake ndinagwera mbali ya thanthwe osati ya phompho. Bondo linasupuka, handulo inapindika, ndipo theka la masitiroberi a azakhali linasanduka jamu pa tala.

Amene ananditola ndi mkulu yemwe uja wa "tcheni chaduka". Anali akukwera ulendo wachiwiri, akukankha njinga yopanda katundu. Nditaiyang'anitsitsa ndinaona kuti ilibe tcheni, ilibe zopalasira, ilibe chishalo, koma felemu ndi yowotcherera paliponse ndipo masipoko ndi okhuthala ngati misomali. Anakhudza limu langa n'kuchotsa chala msanga. "Achimwene, phiri ili potsika simugwira buleki ulendo umodzi. Mumagwira, n'kusiya, n'kugwira. Pena mumaima kuti izizire." Anandithandiza kumata chubu, n'kudya nawo zipatso zophwanyika zija. Ndalama anakana. Anangonyamula njinga yanga ndi dzanja limodzi, n'kuigwedeza m'mwamba, amvekere, "Ndiye kameneka kamadyetsa ana angati?"

Ku msika ndinafika cha m'ma 10 koloko ndikutsimphina. Azakhali sanafunse za bondo. Anawerenga zipatso zotsala, anatulutsa kakope kawo, n'kulemba zophwanyika zonse pa ngongole yanga. Amayi a chinangwa aja anafunsa ngati ndingamawatengereko mbatata ya kachewere ya kuphiri, ndinawauza kuti keliyala yanga ndi ya lichero limodzi.

Lolemba ndinabwerera ku Chinamwali. Madala anaika matayala okulirapo, mphira za mabuleki zatsopano, ndi kachikwama ka pampu, sipanala ndi zomatira. Pa sikelo njinga yakwera kufika makilogalamu 14. Azakhali ati Lachinayi akufuna malichero awiri, ndipo madala ayamba kale kuyeza zitsulo zokulitsira keliyala.